Nthanda pa Galasi la Atate

Mpaka lero ndikamva fungo la chitsulo chopsa, ndimabwerera ku Kalingalinga, komboni imene ndinakulira, m'chisanu cha 2004, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndi fungo lowawasa, lokanirira pakhosi, losakanikirana ndi utsi wa mbaula ndi fumbi limene maminibasi ankatiwaza nalo m'mawa uliwonse. M'mbali mwa msewu munali mzere wa amisiri owotcherera zitsulo, mageti ndi mafelemu a zitseko atatsamira pamitengo kudikira ogula. Gilayinda yodulira zitsulo ikalira kumapeto kuno, ina inkayankha kumapeto uko, ndipo moto wabuluu unkang'anima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Atate anga, amene anthu ankawatchula kuti ba Banda, anali mmodzi wa amisiri a mumzerewo. Fungo lija linkabwera nawo kunyumba m'ovolosi, m'tsitsi ndi m'manja.

Manja amenewo ndinkawadziwa bwino. Atate anali mmisiri weniweni, zimenezo sindingawalande, moti geti lawo unkalitseka ndi chala chimodzi. Koma dzanja lomwelo silinkachedwa kunyamuka. Ankamenya ndi chilichonse chimene chili pafupi, kaya lamba, kaya chingwe cha magetsi. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinawatayira tepi yoyezera, ndipo chipsera chake ndikadali nacho kuseri kwa ntchafu. Amayi nawonso ankalandira zawo, m'mawa n'kudzuka kukakazinga zitumbuwa zogulitsa, duku atalitsitsira padiso. Azimayi anzawo ankawaseka kuti wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, amayi n'kusekako nawo. Mwambi umenewo ndimadana nawo mpaka pano.

Pa zida zonse za atate, chimene ankachinyadira koposa chinali galasi lakuda la m'chigoba chophimba kumaso. Anzawo ambiri ankawotcherera atavala magalasi a dzuwa a pamsika, ena ankangotsinzina moto ukang'anima. Atate anali ndi galasi lenileni, lokhuthala, lokwana pachikhatho, limene anachoka nalo kufakitale kumene ankagwira ntchito isanatsekedwe. Palibe amene ankaloledwa kulikhudza. Ndipo mumzerewo munali lamulo losalembedwa limene ngakhale ife ana tinkalidziwa, lakuti wakuba chida cha mmisiri amalipira ndi dzanja. Chifukwa choopa akuba, makina ndi thumba la zida zinkagona kunyumba pabalaza, m'mawa atate n'kuzikankha pawilibala kupita nazo kumsewu.

Pabalaza pomwepo, pakati pa makinawo ndi kabati, pankagona amalume a Wedisoni, mlongo wawo wa amayi. Anabwera kudzakhala nafe akazi awo atamwalira. Anali munthu wowonda, woyankhula motsitsa, wa zala zazitali zosongoka. Anali ndi katebulo pamsika pamene ankakonzerapo mawailesi ndi mawotchi, ndipo ine ndinkatha kukhala ola lathunthu kungoyang'ana zalazo zikunyamula kasikuluwu kochepa ngati nthanga ya fodya. Wailesi ikachira sankafulumira kuipereka kwa mwini wake. Ankayamba aiyesa pa masiteshoni akutali, khutu ataligunditsa, n'kubwera kunyumba ndi nkhani zimene palibe anawafunsa. Atate ankawatchula kuti ba pulofesa, ndipo sankawatchula choncho powalemekeza.

Chisanu chimenecho amalume anabwera ndi nkhani ya Nthanda. Anandiuza kuti nyenyezi yowala ija ya m'bandakucha si nyenyezi ayi, koma dziko ngati lathu lomweli, lozungulira dzuwa chakufupi. Anaika phwetekere patebulo kuti ndi dzuwa, n'kudutsitsa nyemba pakati pa phwetekereyo ndi mphuno yanga. Anati Lachiwiri likubweralo Nthanda idzadutsa choncho pamaso pa dzuwa, ndipo palibe munthu wamoyo padziko lonse amene anazionapo. Idzabweranso patapita zaka zisanu ndi zitatu, kenako basi, mpaka zidzukulu za zidzukulu. Vuto linali choonera. Timagalasi tapepala timene anasunga kuchokera pa kadamsana wa zaka zitatu m'mbuyomo tinali titabooledwa ndi mphemvu, ndipo iwo anati kuyang'ana dzuwa ndi chinthu chobooka n'kudzikolowola maso wekha.

Lolemba madzulo tikudya, amalume analimba mtima, poti mawa lake ndilo linali tsikulo. Anapukuta m'manja kawiri asanayankhule.

"Ba mulamu, nipempako galasi yanu mailo. Kanthawi kang'ono chabe."

Atate sanakweze n'komwe mutu. "Galasi yanga ni yosebenzela, ba pulofesa. Mudya vamahala pano, manje mufuna na maso yanga?"

Amalume, atanenedwa kuti amadya zaulere, anaseka pang'ono ngati zinali nthabwala, n'kusiya kudya. Ine ndinapsa mtima kwambiri. Ndinkawakonda amalume, komanso ndisaname, ndinkafunitsitsa kuona nyemba ija ikudutsa padzuwa lenileni.

Lachiwiri m'mawa kunazizira moti madzi a m'ndowa ankaluma zala. Ndinkasesa pabalaza, atate akusamba kuseri, amalume atapita kale kumpopi. Ndinamasula thumba la zida, n'kusolola galasi m'chigoba, n'kumanganso thumbalo monga linalili. Sizinatenge nthawi yoposa kumeza malovu. Atate anakweza zonse pawilibala osayang'anamo, ndipo ndinamvetsera gudumu likulira mpaka linazimirira. Sukulu ndinkalowa masana, choncho m'mawa wonse unali wanga. Amalume atabwera ndinawatambasulira dzanja.

"Ba tate bakamba ati mutenge."

Anayang'ana galasilo, n'kuyang'ana ine nthawi yaitali. "Bakamba so, Esinati?"

"Ee."

Analitembenuza m'zala zawo kawiri katatu. Kenako anang'amba katoni ya sopo, n'kuboola pakati, n'kulowetsamo galasilo kuti kuwala kusalowere m'mbali.

Tinapita kubwalo la mpira, kutali ndi msewu, kumene kunali udzu wouma ndi mapepala apulasitiki okodwa paminga. Amalume anayamba ndi iwo kuyang'ana. Anaima chilili, khosi atalipinda, ndipo ndinaona kholingo lawo likukwera n'kutsika. Atandipatsa anandichenjeza kuti ndiyang'ane pang'ono n'kupumula. Poyamba ndinangoona mdima. Kenako dzuwa linatulukira, laling'ono, lobiriwira, lofatsa ngati mbale yotsukidwa. Chakumphepete kwake kunali kadontho kakuda bii, kozungulira bwino, ngati njere ya mpiru. Ndinapukuta galasi poganiza kuti ndi litsiro, koma kadonthoko kanali pomwepo.

Pa komboni palibe chobisika. Posakhalitsa panali mzere wa ana, azimayi ochokera kotunga madzi ndi mabebi kumsana, ndi bambo wina wogulitsa makala amene anaimika njinga yake. Amake Bupe, oyandikana nafe nyumba, anayang'ana n'kutsitsa katoniyo mokhumudwa.

"Ni kadoti chabe aka?"

"Kadoti ako kalingana na dziko yathu yonse," anatero amalume. "Na Kalingalinga, na Malawi, na nyanja zonse."

Amake Bupe anayang'ananso kachiwiri, n'kuchedwa kubweza katoniyo. M'mawa wonse kadonthoko kanayenda pang'onopang'ono, ndipo nthawi iliyonse ukabwereranso pamzere unkakapeza katasuntha. Sindinawaonepo amalume akusangalala choncho chimwalirireni akazi awo. Dzuwa litafika pamutu anatulutsa galasi m'katoni, n'kulipukuta ndi malaya awo, n'kundiuza kuti ndikabweze msangamsanga ndisanapite kusukulu.

Ndinapitadi. Koma ndisanafike pamsewu ndinamva mawu a atate. Anali atagwira ba Mumba, mmisiri wa pafupi nawo, pakolala, akuwagwedeza n'kumatukwana mzere wonse kuti ndi mbava zokhazokha. Anali atakhuthula kale mabokosi a anzawo pansi, zida zili mbwee m'fumbi. Pambali panali geti lalikulu la munthu wa kumayadi limene linayenera kutha tsiku lomwelo. Ndinaima kuseri kwa mulu wa njerwa, galasi lili m'thumba la diresi. Chipsera cha kuntchafu chinayamba kundiyabwa. Ndinabwerera n'kupita kusukulu, ndipo atate anamaliza geti lija ndi magalasi a pamsika, masana onse, moto uli pamphuno.

Maso opsa ndi moto wowotcherera sapweteka nthawi yomweyo, amadikira. Pofika madzulo atate anali akugubuduka pamphasa, misozi ili chuchuchu, akufuula kuti wina wawathira mchenga m'maso. Amayi anadula mbatatesi n'kuwaika pazikope, n'kuwadonthezera mkaka, monga ankachitira akazi onse a amisiri. Atate anakankha kapu ndi mbama ndipo mkaka unamwazikira pakhoma. Amalume anabwera mochedwerako, n'kuima pakhomo, n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinadziuza kuti m'mawa ndibwezera galasilo m'thumba mwakachetechete, koma atate anagona thumbalo atalitsamira.

Kutacha maso awo anali atatupa osatseguka, ndipo amayi anawamanga kansalu konyowa. Amalume analawirira kumsika, amayi anapita kokazinga kumsewu. Ba Mumba ndi amisiri ena atatu anabwera kudzazonda, nkhope zili gwa, chifukwa dzina la mbava linali likuwawawabe. Ali chikhalire, anatulukira amake Bupe ndi mtima wawo wabwino ndi pakamwa pawo posatseka.

"Pepani ba Banda. Koma zikomo pa galasi ija, tinaona nyenyezi na ba Wedisoni ku ground."

Amisiri aja anayang'anana. Atate anadzuka pang'onopang'ono, n'kutambasula dzanja m'mwamba kuti wina awagwire. Ba Mumba, amene dzulo lake anagwedezedwa pakolala, ndi amene anawagwira.

Ndinawatsatira chapatali, galasi nditalifumbata. Ndinkati ndipereka tikafika pangodya, ndipereka tikafika pampopi, mpaka tinafika pamsika. Amisiri aja anagubuduza katebulo ka amalume ndi phazi, mawailesi a eni ake n'kuphwanyika pansi, timasikuluwu n'kubalalika m'fumbi. Wina anakuwa kuti kawalala, ndilo dzina la wakuba kwathu kuno, ndipo dzina limenelo likamveka pa komboni anthu safunsa kuti waba chiyani. Anatuluka m'mashopu ndi m'mabala, ena ndi matabwa, ena ndi miyala. Anawakhwekhwereza amalume ndi miyendo mpaka kumsewu, msana ukukhula pamiyala, aliyense akuponyapo chake. Ndinaona mayi wina amene dzulo lake anali pamzere wathu akuwamenya ndi chipande. Pofika pamalo pa atate, malaya anali atatha ndipo mkamwa munali magazi okhaokha.

Anawagwadiza patebulo lachitsulo limene atate ankawongolerapo zitsulo, anthu awiri n'kukanikiza dzanja lawo lamanja pamwamba. Mnyamata wina ankagubuduza tayala lakale kuchokera kwa okonza matayala, akuseka. Atate anaima ndi kansalu kawo kumaso n'kufunsa kuti galasi lili kuti. Apo m'pamene amalume anakweza mutu n'kundiona. Ndinali kutsogolo kwenikweni, pakati pa miyendo ya akuluakulu, ndipo m'mphepete mwa galasi munkandicheka chikhatho. Ndikanangotambasula dzanja. Koma chimene ndinkaona chinali chingwe cha magetsi chopachikidwa pamsomali kumbuyo kwa atate.

"Ninatenga neka," anatero amalume. "Inagwa, yapwanyika."

Atate anapempha hamala. Popeza sankaona, anafufuza ndi dzanja lamanzere patebulo mpaka anapeza zala za amalume, n'kuzisisita chimodzichimodzi monga ankachitira poyeza chitsulo asanadule. Anali mmisiri, ngakhale ali wosaona sanaphonye. Anamenya katatu. Phokoso lake linali ngati kuthyola nzimbe, ndipo amalume anakuwa koyamba kokha. Ine ndinadzikodzera pomwepo, mkodzo wotentha n'kutsikira m'masokosi, koma dzanja langa silinatseguke.

Khamulo linkafuna zina. Tayala lija linali litafika ndipo wina ankafunsa za palafini. Kenako anthu anayamba kupatuka okha. Anali amayi, opanda duku, atanyamula chiwaya cha mafuta owira ndi manja awiri, utsi ukufuka. Anaima pakati pa mlongo wawo ndi atate.

"Wamene azamugwila futi, nizamuthila. Olo ndimwe, batate bake Esinati."

Sanakweze mawu, ndipo mwina n'chifukwa chake aliyense anawakhulupirira. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi ngati akumbukira ntchito. Amayi anatsitsa chiwaya, n'kukhuthula zida za ba Mumba pawilibala yawo, n'kukwezapo amalume. Anakankha okha mpaka kuchipatala, ine ndikuthamanga pambali, nditagwira phazi la amalume kuti lisakhule pansi.

Maso a atate anachira patapita masiku awiri. Lachisanu anali kumsewu akuseka ndi ba Mumba, ndipo nkhaniyo inathera m'banja monga zimathera nkhani zotere. Zala zitatu za amalume sizinawongokenso. Zinauma zopindika, moti ngakhale batani la malaya linkawavuta. Sanabwererenso kwathu. Anapita kwa mnzawo wa kutchalitchi ku komboni ya Chaisa, kumene anayamba kugulitsa makala a m'timapepala, munthu amene ankatsegula wotchi ndi kupuma kumodzi. Chisanu chonsecho ndinkadwaladwala m'mimba, ndipo ndikamva hamala kumsewu ndinkatseka makutu. Galasi ndinalikulunga m'sokosi n'kulibisa pansi pa zovala zanga. Amayi anapirira zaka zina ziwiri, kenako tinasamukira ku Mtendere awiriwiri, ndipo galasilo linasamuka nafe.

Amalume ndinkawazemba. Amayi akamapita kukawaona ndinkapeza chifukwa, mayeso, mutu, kuchapa. Koma mlandu suola. Zaka zisanu ndi zitatu zinakwana ndili ndi ntchito m'kashopu ka makompyuta ku Kamwala, kotayipa makalata a anthu. Ulendo umenewo Nthanda inadutsa kuno kusanache bwino, ndipo sindinaone kanthu. Patapita masiku ndinapeza pa intaneti zithunzi zoyenda zojambulidwa ndi makina amene ali mumlengalenga, kunja kwa dziko, kumene kulibe mtambo, fumbi kapena usiku, ongoyang'ana dzuwa nthawi zonse. Lamlungu ndinakwera minibasi kupita ku Chaisa, n'kukawatenga amalume, n'kutsegula shopu ndi kiyi wa abwana.

Dzuwa la pakompyutapo silinali mbale yofatsa ija. Linadzaza galasi lonse la kompyutayo, lofiira ngati chitsulo cha pamoto, likubwata, malawi akutumphuka m'mphepete n'kugweranso. Kenako kadontho kathu kanalowa chakumwamba, kakuda, kozungulira, n'kudutsa pamoto wonsewo osafulumira. Zimene ife tinadikira m'mawa wathunthu zinatha m'kamphindi. Amalume anasendeza mpando mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda, ndipo kholingo lawo linakwera n'kutsika ngati kale. Ndinatulutsa sokosi ija m'chikwama, n'kuika galasi patebulo pafupi ndi dzanja lawo lopindikalo. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'minibasi, koma anatuluka ochepa. Ndinati atate sanandipatse, ndinaba, ndipo tsiku lija linali m'manja mwanga.

"Ninaziba," anatero osachotsa maso pakompyuta. "Pamene unabwela nayo m'mawa muja, ninaziba. Batate bako sibabweleka munthu olo nsomali."

Ndinawafunsa chifukwa chimene analandirira.

"Nenze kufuna kuona, Esinati. Nenze mukulu, nenze kuziba kwanja kwa batate bako, koma ninalandila. Pamene ninakamba ati ninatenga neka, sininaname maningi."

Ndinalira mpaka mamina, iwo n'kumandisisita pamutu ndi chikhatho. Nditatonthola anandifunsa pamene amadina kuti zibwererenso poyamba. Ndinawasonyeza, ndipo anadina ndi chala chachikulu, chimodzi mwa ziwiri zimene zinatsala zomvera.

Ndili mwana ndinkadziwa chinthu chimodzi, chakuti ndine ndinathyola zala za amalume, ndipo iwo ananama kuti andipulumutse. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinamva kuti iwonso zaka zonsezo ankadziimba mlandu wawo, wolandira chinthu m'manja mwa mwana akudziwa kumene chachokera. Zinanditengera zaka zinanso, mpaka nditabereka anga, kuti ndione kuti tonse awiri tinkalimbirana mlandu wa munthu wina. Ine ndinatenga galasi, amalume anafuna kuona Nthanda, koma hamala anainyamula ndi atate, ndipo iwo anagona tulo tabwino mpaka tsiku limene anamwalira. Amalume anakana kulitenga galasilo, choncho lili pawindo la kuchipinda kwanga. Ana anga amaliseweretsa, amayang'anira nalo dzuwa, tsiku lina analigwetsa n'kulibenthula pangodya. Wamng'onoyo anabwera nalo akunjenjemera, ndipo ndinamuuza kuti alibwezere pawindo akasambe m'manja, chakudya chapsa.